Abson Anagulitsa Dambo

Abson ankaumba njerwa ku Silverest, zomangira anzake nyumba zapamwamba, pamene iye, mkazi wake Nelesi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Salome, ankagona m'kachipinda kodontha. Galimoto iliyonse yomuthira fumbi inkamuwawitsa mtima. Nsanje itamukwana, anapita kwa sing'anga wina wa ku Chalimbana, dzina lake Mwaanga.

"Ba Mwaanga, nalema kuvutika. Nifuna chuma."

"Chuma sichivuta," anatero sing'angayo akusenda nzimbe. "Ku dambo ya kwanu kumamela kaduwa kofiila, kamene sikapezeka kwina kulikonse. Chaka na chaka, mvula ikayamba, uzanibweletsela kamodzi na mizu yake."

"Nanga nikalephela?"

"Nizazula mu nyumba mwako."

Abson anaseka. Maluwa akutchire, opondedwa ndi mbuzi, angasowe bwanji?

Chuma chinabweradi: malole, mabala a mowa, nyumba yampanda. Koma mkuluyo sanakhute. Chaka chachinayi ananyengerera eni malo, natenga dambo lonse n'kuliduladula mapuloti. Podziona wochenjera, anasiya kangodya kamodzi ka maluwa aja, nakatchinga ndi waya. Chitsirucho sichinaganize kuti ogula adzakumba ngalande ndi zitsime. Dambo linauma gwa.

Chaka chotsatira anapeza maluwa atatu. Chinacho, limodzi lofota. Chaka chachisanu ndi chiwiri anakwawa m'kati mwa waya uja tsiku lonse, suti itada ndi dothi, osapeza kanthu. Anatuma anthu ku Kasisi ndi kwina konse, koma ankangobwera ndi maluwa amtundu wina. Anabwerera kwa sing'anga.

"Ba Mwaanga, tengani malole yonse. Nipaseniko chaka imodzi chabe."

"Malole nichite nayo chani? Dambo unagulitsa weka. Yenda ku nyumba, bakuyembekeza."

Anapeza azimayi atadzaza pakhonde, akulira. Salome, amene ukwati wake unali Loweruka lomwelo, anali atagwa n'kumwalira akuyesa diresi, osadwala ngakhale mutu. Nelesi, amene pangano lija ankalidziwa, anamulavulira mwamuna wake kumaso, ndipo maliro atatha anachoka.

Lero Abson amayendayenda m'mapuloti aja, kukanda simenti ya m'mabwalo a anthu kufunafuna kaduwa kaja mpaka zala kutuluka magazi, ana akumugenda. Ine sindimumvera chisoni. Chisoni changa chili pa Salome, amene sanapangane kanthu ndi munthu. Pewani dyera, abale: chuma cha mankhwala amasangalala nacho ndi wina, koma amene amalowa m'manda ndi mwana wosalakwa.