Nati Yadzimbiri

Nyerere anagwira bambo ake m'chiuno, koma masitepe opita kuchipinda cha pamwamba pa galaja anali ambiri. Chidwalire sitiroko, dzanja lamanja la bambowo linkangolendewera, ndipo mwendo ankachita kuukoka.

"Ababa, tiyeni tizibwerera, mugwa apa."

"Ndikajomba lero andichotsa, mwanawe. Ndiye ndizicheza ndi ndani? Ndi khoma?"

Linali tsiku la msonkhano wa pachaka wa Abale a Sipanala, bungwe la amakaniko. Kale kulowa m'bungweli kunali kosavuta, munthu ankangoonetsa zikhatho zakuda ndi girisi basi. Anthu atachuluka, bambo a Nyerere, pa nthawiyo ali chinyamata chamatama, ndi amene anabweretsa lamulo lakuti chaka chilichonse membala azimasula yekha nati yadzimbiri, sipanala ina itagwira bawuti, ina ikupotokola nati. Wolephera ankatsika masitepe osabwereranso. Nyerere mtima unkamuwawa, chifukwa ankadziwa kuti masiku ano bambo ake ankaseka pokhapokha abale awo a m'bungwemo akabwera kudzawazonda.

Pansi pa masitepepo panali a Mawaya, okonza magetsi a galimoto, amene mkono wawo wamanzere unaduka pangozi kalekale. Chaka ndi chaka ankapempha kulowa m'bungwemo, koma lamulo lija linkawabweza. Ataona awiriwo akuvutika, anasiya ntchito, n'kulowetsa phewa m'khwapa mwa wodwalayo, n'kumukweza mpaka pamwamba.

"Ine malire anga ndi pano," anatero a Mawaya akuseka, n'kuima pakhomo.

M'chipindamo munkanunkha oyilo. Amuna anamasula nati zawo motsatizana, ena akuchita nthabwala. Itafika nthawi ya bambo a Nyerere, phokoso lonse linatha. Anagwira sipanala ndi dzanja lamanzere n'kukoka, koma nati inkangozungulira limodzi ndi bawuti. Anayesa kupanikiza sipanala inayo ndi chigongono, thukuta lili kamukamu, koma inapulumuka n'kugwa pansi. Nyerere anatembenukira kuwindo kuti asaoneke kuti akulira.

Atcheya anatsokomola. "Achimwene, inu ndi akuluakulu athu. Ife tatsinzina, sitinaone kanthu. Tingoti mwamasula."

Nyerere mtima unakhala pansi, koma bambo ake anapukusa mutu.

"Mukunditsinzinira chifukwa ndine ine. Munthu ali pakhomoyo munamutsinzinirapo liti? A Mawaya, talowani, mundigwirire bawutiyi."

A Mawaya anazengereza, kenako analowa n'kutola sipanala ija. Iwo anagwira ndi lamanja, bambo a Nyerere n'kukoka ndi lamanzere. Nati inalira kuti kwee, n'kumasuka.

"Komatu lamulo limati munthu azimasula yekha," mmakaniko wina wachinyamata anang'ung'udza kumbuyo.

"Ndikulidziwa, mphwanga," anatero bambowo akupuma mwawefuwefu. "Ndiye sankhani. Mutitsitse tonse awiri, apo ayi mutipatse mipando iwiri."

Atcheya anayang'ana anzawo, anzawo anayang'ana pansi. Aliyense ankangoona manja ake, ena atayamba kale kunjenjemera ndi ukalamba. Nyerere anapita pakona, nanyamula mpando wa bambo ake n'kuuika pafupi ndi tebulo lalikulu la mamembala. Anabwereranso n'kuyamba kukoka wachiwiri, miyendo yake ikukwekwereza pasimenti, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuletsa.