Fetereza M'mabafa a Dyness

Dyness anawerenga pepala la zotsatira zochokera ku labu yoyezera zinthu kachitatu. Ndere zodyedwa za sipirulina, zomwe anazilera miyezi inayi m'mabafa kuseri kwa nyumba yawo ku Kanyama, zinalibe seleniyamu, mchere womwe thupi limaufuna, ngakhale iye ankauthira m'madzimo kuti nderezo ziuyamwe. Pa mpikisano wa sayansi anam'chotsa, ndipo malo aulere a ku koleji, omwe anali mphoto ya wopambana, anam'pita pakamwa.

"Ni Nsama uyu!" anakalipa.

Nsama anali mnzake wa m'kalasi yemwe ankapikisana naye. Masana omwewo Dyness anam'peza pampopi, n'kumutcha mfiti ya nsanje pamaso pa amayi onse otunga madzi.

Mawa lake aphunzitsi awo, ba Kapembwa, anabwera kudzaona mabafawo. Ndere zinali zobiriwira bii, zokongola ndithu. Iwo anatolapo timibulu toyera m'mphepete mwa bafa.

"Izi ndere zakhuta salufa," anatero. "Salufa na seleniyamu vingenela pakhomo imozi. Salufa ikachuluka, munzake asala panja. Unathilamo chani, iwe?"

"Sininathilemo chilichonse, ba Ticha!"

"Ndine, mwana wanga."

Anali bambo ake, ba Petros, amene chitsekere fakitale yomwe ankagwirako ntchito ankangoswera pampando wa pakhonde. Kale ankalima chimanga ku Katete, ndipo ankadziwa kuti mbewu yachikasu ndi mbewu ya njala.

"Ninaona manzi yayamba kuyezuka monga milisi yosoba chakudya. Ninagulisa nsapato zanga za ku nchito, nagulako ka fetereza pa maketi. Nenze kuwazamo pang'ono ukayenda ku sukulu. Si vinabilibila bwino?"

Dyness anamenya ndowa ndi phazi, madzi n'kukhavukira pa thalauza la aphunzitsi.

"Mwanipaya, atate! Muzibako chani imwe pa vinthu va sayansi? Simukananifunsa?"

"Ninakufunsa katatu vamene uikamo," anayankha motsitsa, maso ali pansi. "Unati, 'Simungamvele imwe, ni va anthu ophunzila.'"

Ba Kapembwa anapukuta thalauza lawo n'kutsanzika. Dyness anayang'ana mapazi a bambo ake, ong'ambika zidendene, ali m'mapatapata osiyana mitundu. Kenako anatuluka pakhomopo.

Anadutsa m'matope a m'njira mpaka kwawo kwa Nsama, n'kuodira katatu. Anatsegula ndi amayi ake a Nsama. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ba mayo, nabwela kupepesa kuli Nsama."

"Mfiti siilandila alendo," anatero mayiwo, n'kutseka chitseko.