Malonda a Pansi pa Mkanjo

Madzulo amenewo ndinali pakhonde la nyumba ya khofi pafupi ndi msika wa ziweto ku Hama, ndikuswa nthanga za mavwende ndi mano, pamene Ghassan wa maswiti anabwera n'kukhala pampando womwe ndinasanjikapo miyendo.

Ine ndine Subhi, koma pamsika amanditcha Abu Nadim. Ntchito yanga ndi kuima pakati pa munthu wofuna kavalo ndi munthu wonamizira kuti sakugulitsa. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mano a kavalo ndimawawerenga bwino kuposa nyuzi. Ndaperekezapo ogula ochokera ku Amman ndi ku Kuwait, ngakhalenso Mtaliyana wina yemwe anawoloka nyanja chifukwa cha chithunzi, n'kudzapeza kuti chithunzicho chinajambulidwa kavaloyo akadali ndi mano onse. Wogula kavalo mtunda saumva popita. Amaumva pobwerera.

"Abu Nadim, mawa tinyamuke," anatero Ghassan. "Kuseri kwa phiri la Abdulaziz kuli kavalo wamkazi wotuwa. Mwini wake ndi mkulu wina wa kuchipululu, dzina lake Jadaan."

"Mwamuona kavaloyo?"

"Ndamumva."

"Kuchokera kuno? Makutu anu ndi amphamvu, achimwene."

Sanaseke. Anandiuza kuti khola wamanga kale kuseri kwa sitolo yake, la matailosi obiriwira, lokhala ndi mpopi wakewake. Apongozi ake anali atanena pamaso pa anthu paukwati wina kuti wogulitsa maswiti chomwe angakwere ndi thumba la shuga basi. Ndiye iye analumbira pomwepo kuti pofika Lachisanu kavalo wa Jadaan akhala ali m'kholamo.

"Msewu wonse ukudziwa," anatero. "Lole yopanda kanthu ine sindingalowe nayo kwathu."

Munthu womanga khola asanaone kavalo satsutsidwa. Amangoperekezedwa.

Tinanyamuka titaswali m'bandakucha, pa lole yonyamulira nkhosa yomwe anabwereka kwa msuweni wake. Ankayendetsa yekha, ngati munthu wonyamula thireyi ya mazira. Tayala linaphulika tisanafike ku Athriya. Tinawoloka mtsinje wa Firate, ku Raqqa tinadya buledi ndi chambiko titaimirira, ndipo dzuwa likupendeka tinasiya tala n'kulowa m'fumbi. M'busa aliyense yemwe tinkamufunsa ankaloza ndi chibwano, amvekere, "Pafupi pompa." Pafupi pa anthu a kuchipululu mumakalamba muli m'njira.

Dzuwa linalowa. Njira inagawikana patatu, kenako inangotha. Kunja kunagwa mdima wa ndiweyani. Ngakhale galu wouwa kunalibe.

"Tigone m'galimoto," ndinatero. "Kavalo saonedwa usiku. Nyali imanenepetsa chowonda, imawongola chotsimphina."

"Taonani uko," anatero Ghassan.

Kutsogolo kwathu kunali kuwala kumodzi. Sikunkayenda.

Tinayandikira. Anali nkhalamba yayitali, yovala mkanjo wakuda wa ubweya, itaima pambali pa mulu wa miyala. Nyali ya palafini m'manja. Kumbuyo kwake kunaima kavalo.

Ndinatsika, ndinapereka moni wa mtendere. Anabweza bwinobwino.

"Ndinu a ku Hama," anatero. "Mwachedwa."

"Amalume, anakuuzani ndani kuti tikubwera?"

"Fumbi."

Yankho limenelo silinandidabwitse. Anthu a kumeneko amayankha choncho ngakhale uwafunse nthawi.

"Ndinu a Jadaan?"

"Sindinasinthe."

Ghassan anali atazungulira kale kavaloyo kawiri, kukamwa kuli yasa. Ndinamuponda phazi. Wogula sayamikira. Koma kunena zoona, ngakhale ine mtima unadumpha. Mutu waung'ono wouma, mphuno zotambasuka, khosi lopindika, miyendo yowonda yolimba ngati nsungwi. Ndinamutsegula kukamwa: zaka zisanu ndi zinayi. Ndinatsitsa dzanja m'miyendo yonse inayi. Wofunda, wamoyo, wonunkha kavalo. Chimodzi chokha ndinachiona n'kuchisiya: makutu ake onse awiri anali atalozera kwa nkhalambayo, osagwedezeka. Kavalo womasuka makutu ake amayendayenda.

"Mawa kukacha tikambirana kumahema kwanu, amalume," ndinatero. "Timwe kaye khofi wanu."

"Khofi anazizira. Wofuna kavalo akambe pano."

"Abu Nadim, chonde," ananong'ona Ghassan. "Lachisanu ndi mkuja."

Nkhalamba ija inakhala chonjuta, mkanjo utaphimba mawondo mpaka pansi.

"Lowetsa dzanja, mwana wa m'tauni."

Kwathu mtengo wa kavalo wabwino sutchulidwa pakamwa. Wogulitsa ndi mkhalapakati amalowetsa manja pansi pa nsalu n'kumakambirana ndi zala, kuti oimirira asamve. Wina agwira zala zako zisanu, iwe ugwira zake ziwiri, n'kumayandikirana choncho. Zikatheka, wogulitsa amafinya dzanja lako lonse n'kunena kuti, "Mulungu akudalitsire," ndipo manja amatuluka limodzi. Mawu amenewo asananenedwe, dzanja silichotsedwa. Ngakhale ikulume nyerere.

Ndinanjuta. Ndinalowetsa dzanja pansi pa mkanjowo.

Linandipeza msanga. Dzanja louma, lokhakhala, lozizira ngati mwala wa m'chitsime. Sindinadandaule. Usiku wa kuchipululu umaziziritsa aliyense.

Linagwira zala zanga zisanu, n'kufinya kawiri. Khumi. Mtengo woyambira wa munthu wodzidziwa. Ine ndinagwira zake zinayi, n'kuseka pang'ono monga mwa mwambo, kuti adziwe kuti ndikumunyoza mwaulemu.

Ndinayembekezera kuti atukwana, atchula agogo a kavaloyo mpaka m'badwo wachisanu. Sanatero. Dzanja lija linagwira zala zanga zitatu.

Ndinaganiza kuti ndalakwitsa kumva. Ndinagwiranso zinayi. Ilo linabwereza zitatu. Kenako ziwiri.

Zaka makumi atatu ndili pamsika, wogulitsa wotsika kupitirira pomwe wogula waima ndinali ndisanamuone. Ndinakweza maso kuti ndione ngati mkuluyo akundiseka.

Sankaseka. Ankangondiyang'ana, maso ali phee. Nyali anali ataikweza pafupi ndi nkhope yanga, ataigwira ndi dzanja lamanzere. Ndinatsata chingwe cha kavalo ndi maso. Chinali chitakulungidwa kawiri m'dzanja lake lamanja, pamwamba pa bondo, poyera.

Ndinayang'ana nyali. Ndinayang'ana chingwe. Ndinawerenganso manja ake, ngati mwana: onse awiri anali poyera.

Pansi pa mkanjo, dzanja lija linasiya chala chimodzi n'kutsala ndi chimodzi. Chamkombaphala. Linachigwira mofatsa, n'kuyamba kuchikoka pang'onopang'ono. Osati kwa iye. Pansi.

Ndinasolola dzanja langa mwamphamvu mpaka ndinagwa chagada m'fumbi.

Nkhalamba ija inapuma mpweya wautali, ngati munthu yemwe wakhumudwitsidwa ndi zomwe ankaziyembekezera kale. Inaimirira n'kupatsira Ghassan chingwe.

"Zatheka?" anafunsa Ghassan. "Zingati?"

"Kwezani kavalo."

"Ndati zingati, Abu Nadim?"

"Chimodzi. Kwezani kavalo tizipita!"

Ghassan anatsala pang'ono kuvina. Ndalama anaziika pa mulu wa miyala uja n'kupsinja ndi mwala wina, poti mkuluyo sanatambasule dzanja. Kavalo anakwera yekha pathabwa, osavuta. Chitseko ndinatseka ine, mipiringidzo iwiri, n'kumanganso waya. Tikutembenuza lole ndinayang'ana pagalasi. Nyali inali pomwepo. Patapita mtunda ndinayang'ananso. Inali pomwepo, kukula kwake komweko.

Njira yonse Ghassan ankaimba. Ankayeseza zomwe akawauze apongozi ake. Kumbuyo tinkamva ziboda zikuponda matabwa, gu, gu, pokhota paliponse. Ine dzanja ndinali nditalipana m'khwapa. Silinkafunda.

Kukuyera tinafika pa mlatho wa ku Raqqa. Tinaima kuti tiswali ndi kumwetsa kavalo. Waya anali momwe ndinamumangira. Mipiringidzo ili m'malo. Ndinatsegula.

Munalibe kavalo. Munali ndowe, ikutuluka nthunzi.

Ghassan analowa n'kuyang'ana m'makona onse anayi, ngati kavalo ndi ndalama yachitsulo. Kenako anatsika, analiza injini, n'kutembenukira komwe tinachokera. Sanandifunse maganizo.

Masana njira inali yosavuta. Mulu wa miyala uja tinaupeza dzuwa lili pamutu, ndalama zili pomwepo pansi pa mwala. Usiku sindinaone kuti miyalayo inayalidwa motalika, kumutu kuli mwala woimirira, ngati manda. Chapafupi, kuseri kwa kachitunda, kunali mahema anayi akuda. Kavalo wotuwa anali atamangidwa pa chikhomo, akudya balere.

Anatilandira mwamuna wa ndevu zoyamba kuyera, dzina lake Fanar, mwana woyamba wa Jadaan. Anayang'ana lole, anayang'ana nkhope zathu, n'kuitanitsa khofi. Sanafunse kanthu mpaka titamwa.

"Bambo tinawaika m'manda m'mwezi wa Ramadan," anatero. "Inu ndinu achitatu. Oyamba anachokera ku Homs. Achiwiri ku Jordan, masiku awiri pamsewu, ndi dokotala wa ziweto yemwe."



"Anayamba kuchotsa dzanja ndani?" anafunsa Fanar.

"Ine," ndinatero.

"Onse amatero. Musachite manyazi, amalume."

Anatiuza kuti bambo ake ali moyo ankakonda malonda kuposa nyama. Wogula ankamusunga masiku atatu, kumuphera nkhosa, kukambirana naye pansi pa mkanjo mpaka zala kutupa, kenako n'kumukana. Akudwala anaitana ana ake onse n'kuwauza kuti kavaloyo asayerekeze kumugulitsa, chifukwa iwo ndi ofewa, a m'tauni adzawabera. Adzamugulitsa okha.

"Tinkayesa ndi malungo akulankhula," anatero Fanar.

"Ndiye tigulitseni inuyo," anatero Ghassan. "Tchulani mtengo uliwonse. Pakamwa, poyera, pano."

Fanar anapukusa mutu.

"Malonda a bambo akadali otsegula. Sananene mawu odalitsa. Mwana salowetsa dzanja pomwe pali dzanja la bambo ake."

"Nanga titani?"

"Wina apirire mpaka amalize."

Onse awiri anatembenukira kwa ine.

"Ayi," ndinatero.

"Abu Nadim, inu ndi amene munawononga! Mukanangodikira pang'ono!"

"Zoona, ndinawononga. Lembani pachitseko cha khola lanu. Tinafika pa chala chimodzi, Ghassan. Pansi pa chimodzi pali chiyani, ine sindikufuna kukaona."

"Ndikuwirikizirani gawo lanu."

"Gawo ndidzalilandira ndi dzanja liti?"

Anandinyengerera, ananditchulira dzina la mayi anga, anandiopseza kuti akauza msika wonse kuti Abu Nadim anathawa malonda. Ndinamuuza kuti akauze, ndipo ndimuthandiza kufotokoza. Pamapeto pake anakhala pansi, anavula jekete n'kuphimba manja athu.

"Ndiphunzitseni," anatero.

Ndinamuphunzitsa. Si zovuta, mwana amazigwira tsiku limodzi. Madzulo ake mng'ono wa Fanar anandikweza pa thirakitala mpaka pa tala, ndinakwera basi ya ku Hasaka, n'kubwerera kwathu mozungulira. Ghassan anatsala kudikira mdima.

Ku Hama anafika Loweruka, lole yopanda kanthu, n'kuilowetsa mumsewu mwawo magetsi atazimitsa. Apongozi ake anaseka sabata yathunthu. Kenako analeka, poona kuti mkamwini sakumva.

Tsopano papita zaka zisanu ndi chimodzi. Lole ija anaigula. Mwezi ukangotha kumwamba amatseka sitolo Lachinayi, amayenda tsiku lonse, n'kubwerera Loweruka. Fanar anasamutsa mahema kalekale kutsata msipu, kavalo anapita naye, koma akuti usiku pa mulu wa miyala paja onse awiri amapezeka, mkulu uja ndi kavaloyo, nyali ndi chingwe zili m'manja. Ghassan amati nthawi iliyonse amapirira motalikirapo. Amati kwatsala pang'ono. Khola amalikolopa Lachitatu lililonse.

Maswiti masiku ano amakulunga ndi dzanja lamanzere. Lamanja limakhala m'thumba la jekete, ngakhale mu Julaye pomwe tala imasungunuka. Amayi a mumsewu mwawo amanong'onezana pogula kuti malondawo akuyenda ndithu, kungoti chomwe chikugulidwa pang'onopang'ono si kavalo. Ine sindiyankhapo. Mkhalapakati sanena za malonda osatha.

Sabata yatha anandipeza pakhonde lomwe lija. Wawonda. Anakhala pansi, anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi.

"Abu Nadim, pali chimodzi simunandiphunzitse. Dzanja likasiya zala zonse n'kukugwira apa," analoza pamwamba pa chigongono, "ndiye kuti zingati?"

Ndinamuuza zoona, kuti nambala imeneyo pamsika palibe.

Anagwedeza mutu, ngati munthu womva kuti mtengo watsikanso. Lachinayi m'mawa ndinamva lole ikudutsa.