Mawu a M'chipinda Chosokera

Zilembo ndi zimene zinayamba kusintha. Mayi telala atayatsa kompyuta kuti aone masitayilo a madiresi pa intaneti, anapeza zilembo za pa bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, zitakula ngati za pachikwangwani cha mumsewu. Anazichepetsa monga anawaphunzitsira mwana wawo wamkazi asanapite kutali kukagwira ntchito, n'kupitiriza kusoka. Analibe mphamvu zodabwira. Chidwalireni sitiroko amuna awo, omwe aliyense ankangowatchula kuti Aphunzitsi, moyo wa mayiwo unali kunyamula, kusambitsa ndi kutembenuza munthu wamkulu amene mbali yakumanja inafa, pakamwa n'kutsekeka. Bedi analichotsa, matiresi n'kuwayala pansi poopa kuti angagwe. Mayiwo ankagona kuchipinda cha mwana uja, atamwa mankhwala a msana, ndipo ankagona ngati chipika.

M'mawa mwake zilembo zinakulanso. Pamwamba panali katsamba kotseguka kamene iwo sanakatsegule, koyera mbee, kopanda chithunzi. Kiyibodi inali lendelende pachingwe chake m'mphepete mwa tebulo. Anamuimbira foni mwana uja, ndipo anawauza podina kuti aone masamba onse amene anatsegulidwa usiku. Munalibe kanthu, ngakhale madiresi a dzulo.

"Ndiye kuti alipo akufufuta, amayi," anatero mwanayo. "Siifufuta yokha."

Masana kunabwera mlamu wawo, mchemwali wa Aphunzitsi. Pothandiza kusambitsa wodwalayo anaona maondo atasupuka, chigongono chakumanzere chili ndi bala laliwisi. Anawakokera mayi telala kukhitchini.

"Alamu, munthu wosayenda maondo angasupuke bwanji?" ananong'ona. "Oyandikana nanu akuti usiku kuno kumamveka mawu a mkazi. Ena akuti alipo akumawatenga achimwene mumdima. Ena akuti..."

"Akuti chiyani?"

"Akuti mwatopa nawo, mukumawakhwekhwereza pansi. Achimwene aakulu akuti Loweruka adzawatenge."

Mayi telala anangoyang'ana manja awo, otupa ndi sopo.

Usiku umenewo anadzidzimuka pakati pa tulo. Patali, ngati pansi pa madzi, mkazi wina ankalankhula. Anafuna kudzuka, koma mankhwala anali atawapanikiza pamatiresi, ndipo tulo tinawakokanso. Kutacha anapeza kiyibodi ikulendewera, zilembo zitakula, ulusi wofiira utamwazika pansi mpaka pakhomo ngati china chake chinaukoka.

Tsiku lotsatira sanamwe mankhwala. Anagona chagada, msana ukuyaka moto, akumvetsera nyumba. Filiji inalira n'kusiya. Mpopi wa kubafa unkadontha pang'onopang'ono. Magalimoto atatha mumsewu, panamveka china m'kanjira ka pakati pa zipinda: khwee... kenaka zii. Khwee... zii. Chinali cholemera, ndipo chinkapuma movutikira. Chinadutsa pachitseko chawo, chinakhudza thabwa la m'munsi, n'kupitirira. Mayiwo anagwira bulangete ndi mano.

Patapita nthawi yaitali kuwala kobiriwira kunalowa pansi pa chitseko. Ndipo mawu aja anayamba. Anali a mkazi ndithu, koma mkazi wosapuma mpweya, wosadziwa pokweza ndi potsitsa, wothyola mawu ngati nkhuni.

"Ma-dzi. Ma-dzi."

Pansi pa mawuwo panali kubuula kwina, kokhuthala, ngati kwa nyama yomangidwa pakhosi.

Mantha analipo, koma kutopa kunaposa. Anaganiza za Loweruka, za abale odzaza pakhonde, za dzina lawo likutafunidwa m'makomo. Anadzuka, anatenga ndodo ya mopu, n'kuyenda chogwira khoma. Chitseko cha chipinda chosokera chinali chotsekula pang'ono. Anachikankha ndi phazi.

Pampando panalibe munthu. Madiresi opachika ankaoneka ngati anthu opanda mitu. Pansi, m'munsi mwa tebulo, Aphunzitsi anali atatsamira mwendo wa makina osokera, thukuta lili chuchuchu, kiyibodi ili pamiyendo. Zilembo anazikulitsa kuti aziziona ali pansipo. Ankalemba ndi chala chimodzi chakumanzere, n'kudina kabatani kouza bulawuza kuti iwerenge mokweza zimene alemba, kenaka iwo n'kumatsatira pambuyo ngati mwana wa sitandade wani.

Ataona akazi awo, anayesa kubisa kiyibodi ndi dzanja. Munthu amene anaphunzitsa ana ambirimbiri kuwerenga anaweramitsa nkhope, dovu likutsika pachibwano.

"Abambo," anatero mayiwo. "Ndinu? Masiku onsewa mumakwawa nokha, ine anthu akundidya kunjaku?"

Ndodo inagwa. Anawerama kuti awanyamule monga mwa masiku onse, koma msana unakana. Anayesanso, unakananso. Basi anangokhala pansi pomwepo, pasimenti yozizira, phewa ndi phewa.

Aphunzitsi anafufuta mawu aja. Anasaka zilembo zina chimodzichimodzi, akulakwitsa, akubwerera. Koma kabatani kaja sanakadine. Anakoka mpweya, milomo inalimbana, mitsempha ya m'khosi inatupa.

"Nda... to... pa."

Anali mawu awo oyamba chigwereni. Mayi telala anatsamiritsa mutu pamakina, maso ali chitsinzinire.

"Inenso, abambo," anatero. "Inenso."