Tsitsi la Mwana wa Fauziya

Swaibu anaitembenuza tabuleti ija kachitatu, ngati munthu wofuna bowo lolowetsapo simu khadi. Ankadziwa bwino lomwe kuti bowolo kulibe.

Amayi ake, a Zaina, anali atakhala kale pamkeka. Anali atasamba, atavala diresi la pa Idi ndi mpango watsopano, ngati akupita ku ukwati. Pambali pawo panali beseni, sopo ndi thaulo lokulunga ngati khanda. Mwana wawo woyamba, Fauziya, anali atachira ku Joni, mwana wamwamuna, ndipo kumeneko kunalibe wamkulu aliyense womulangiza. A Zaina ankafuna amuone mdzukuluyo asanametedwe tsitsi lobadwa nalo pa tsiku lopatsidwa dzina, komanso amusonyeze Fauziya kagwiridwe ka khanda posambitsa. Foni yawo inali kakang'ono ka mabatani, kongomva mawu basi. Nandolo yense wa chaka chimenecho anapita chifukwa cha tabuleti imeneyi.

Dzulo lake anapita awiri ku msika wa Ntaja. Swaibu, wa Fomu 3, ndiye ankatengedwa ngati katswiri wa zamagetsi pakhomopo, poti ndi amene ankalumikiza sola ikavuta. Anaima pa benchi ya a Lyford, bambo wa ku Balaka wogulitsa mafoni, wobwera tsiku la msika lokha. A Lyford atamva chimene ankafuna, anatulutsa katabuleti kakang'ono, kakuda, kotchipa. Anati kameneka kamalowa simu, kamasunga moto, ndipo kumudzi kopanda magetsi ndiye kwake.

Koma maso a Swaibu anali atagwera ina yaikulu, yoyera mbee, yonga mbale yogawira mpunga. Mnzake Brighton, amene anangotulukira pamenepo, anaiyatsa n'kuimba mluzu. Anati pa imeneyi mpira umaoneka mpaka thukuta la osewera, pomwe kakuda kaja n'kosewerera ana a mkaka.

A Lyford sanabise. Ananena kuti yaikuluyo ndi ya wayifayi yokha, simu siilowa. Amayi aja anamufunsa Swaibu m'Chiyao kuti bamboyo akuti chiyani, poti mawu a zipangizozi ankawadutsa. Swaibu anayankha kuti akuti yaikuluyi ndiyo yolimba. Mumtima ankati nzeru idzapezeka kunyumba. Amayi anamasula kansalu kawo, ndipo ndalama imene anasungira zovala za khanda inapita nawo pomwepo.

Tsopano nzeru ija sinapezeke. Wayifayi ya pafupi inali ya kusukulu kwawo, ndipo manambala ake ankasunga aphunzitsi okha. Kafoni ka mabatani kanalira; anali Fauziya, kufunsa ngati akonzeka.

"Amayi, iyi siingaimbe," anatero Swaibu, akuyang'ana pamkeka. "Bambo aja ananena. Ine ndinakuuzani zina."

A Zaina sanakalipe, ndipo n'chimene chinamuwawa kwambiri. Anangomuuza Fauziya kuti zavuta, kenako anakakhuthula madzi a m'beseni pamtengo wa papaya. Swaibu anati akabwereke foni yaikulu kwa aneba. Amayi anati iyayi, nkhani za m'chikuta sizikambidwa pa foni ya eni, mwiniwake ataima pakhomo kudikira.

Sabata imeneyo inamutalikira. Tabuleti inangokhala pawindo, n'kumasonkhanitsa fumbi. Brighton anabwera kudzaiona, koma atapeza kuti mpira suoneka, sanakhalitse. Tsiku lopatsa mwana dzina linafika. A Zaina anakhala pakhonde, kafoni atakakanikiza kukhutu, kumvetsera mapemphero a dua ndi phokoso la anthu a ku Joni. Mwanayo anamutcha Mahmudu. Swaibu ankawaona ali kuseri kwa nkhokwe, ndipo manyazi anamugwira mpaka chakudya chinamukanika.

Tsiku la msika litakwana, anakulunga tabuleti m'thaulo lija n'kupalasa njinga kupita ku Ntaja. A Lyford anamukumbutsa kuti anamuuza pamaso pa amayi ake. Anavomera kusinthitsa ndi kakuda kaja, koma anati chenje asayembekeze, katundu wagona kunja sabata yathunthu. Swaibu sanatsutse. Asanachoke pabenchipo analowetsa simu, anagula bandulo, ndipo anayesa kuimba kaye kuti aone ndi maso ake.

Madzulo a tsikulo a Zaina anavalanso diresi la pa Idi. Swaibu anakatsamiritsa katabuleti pa mtondo, pafupi ndi khomo pamene netiweki imagwira bwino. Nkhope ya Fauziya inatulukira, yowonda pang'ono, kenako kamutu kosalala ngati dzira.

Amayi anasendera pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Anamuitana mdzukulu wawo ndi dzina lake, kawiri, mwanayo n'kuyasamula. Anaseka, misozi ikutsika. Kenako anafunsa kuti tsitsi lija anabadwa nalo linali lotani.

"Linali lambiri, amayi, lakuda bii, lopotana ngati lanu," anatero Fauziya. "Ndinajambula, nditumiza chithunzi."

"Tumiza, mwanangu. Koma chithunzi sichiphethira."

Palibe anamuyang'ana Swaibu. Amayi anakokera beseni pafupi, natenga thaulo lija n'kulikulunganso ngati khanda. Anamuuza Swaibu kuti atuluke, zotsalazi si za amuna.

Anakakhala pa chitsa kuseri kwa nyumba. Ankamva madzi akukhavuka m'beseni, ndi mawu a amayi ake akuti dzanja lizikhala pansi pa khosi, osati pamsana. Patapita kanthawi anamuitana kuti moto watsala pang'ono. Swaibu anathamanga kukatenga batire la sola, analiika pakhomo, nalowetsa chingwe m'nyumba nkhope atatembenuzira kunja.