Chiwaya Choyamba cha Vanda

Nkhondo itatha, Vanda adabwerera ku Zóbuè kuchokera kothawira ku Malawi ali ndi chiwaya chimodzi, mwana wake Otília ali kumsana. Ankakazinga mbatatesi pamalire, koma madalaivala ankamulambalala n'kukagula kwa Augusta, woyandikana naye. Iye ankangotsala ndi utsi m'maso ndi kaduka mumtima.

Atatopa, adapita ku Nkondezi kwa sing'anga Policarpo.

"Mchere uwu sudzatha, mayi," adatero mkuluyo, akumupatsa kathumba. "Koma chaka chilichonse mbatatesi yatsopano ikakumbidwa, chiwaya choyamba adye wamagazi anu."

"Nanga akadya?"

"Mukufunsa ngati mwana. Wodyayo ndi wanga. Mukadumphitsa chaka, ndidzasankha ndekha."

Zidayendadi. Adayamba kudula mbatatesi mopyapyala ngati tsamba, kuikazinga mpaka kuuma, n'kumata m'mapaketi. Malasha atakokera anthu ku Moatize, adamangako fabrika, fakitale yakeyake, ndipo Batata Vanda ya m'mapaketi agolide idasanduka chakudya cha mabwana.

Chiwaya cha chaka choyamba adadya mlongo wake Armindo. Adatupa miyendo, n'kupita. Kenako mayi ake aang'ono, kenako asuweni, mmodzimmodzi. Maliro ankawayendetsa mwaulemu, bokosi lonyezimira, anthu n'kumamuyamika kukoma mtima. Potsiriza adatsala Otília yekha, yemwe ankaphunzira ku Beira, ndipo chibadwire sadaloledwe kulawa n'kamodzi komwe.

Chaka chimenecho Vanda adali wolema, wotoperatu. "Inenso magazi anga ndi omwewo," adadziuza. Adakazinga chiwaya choyamba, adamata paketi, n'kuisiya patebulo kuti adye yekha mwana akachoka, poti tchuthi chinali chitatha. Adamuperekeza kokwerera basi. Pobwera, patebulo panalibe kanthu.

"Jorge, paketi inali apa ili kuti?" adafunsa kapitawo wake.

"Ndidamuikira mtsikana m'chikwama, Dona Vanda. Mwana wa mwini fabrika ayende ulendo wa ku Beira wopanda kamba? Anthu angatiseke."

Vanda adaimbira foni mwana wake nthawi yomweyo. Otília adayankha akutafuna.

"Amama, zaka zonsezi munkandimaniranji? Ndi zokoma!"

Adamuika mwezi usanathe. Lero fabrika idamera udzu, ndipo Vanda amangoyendayenda pamsika wa Zóbuè, nsalu ili nyankhalala, kulanda mapaketi m'manja mwa ana a eni akulira kuti, "Lavula, mwananga, lavula!"

Dyera ndi lotero, abale. Chuma cha zizimba chimayamba kudya akutali, koma sichikhuta chisanafike pa amene unkamusungira.