Mkazi wa Makaniko ndi Mlangizi wa Lachinayi

Makaniko ndi telala anakwatirana anthu akusirira. Masana mwamunayo ankabwera ku shopu ya mkazi wake, manja ali girisi yekhayekha, n'kumamupalasira makina osokera kuti apumitseko miyendo. Koma nsanje, abale inu, imayamba ngati nthabwala. Zinayamba ndi "amene umamuyeza m'chiuno uja ndani?" Kenako mbama, kenako dzino kuguluka.

Mkaziyo anathawira kwa mchemwali wake, n'kunenetsa kuti sabwerera pokhapokha mwamunayo alowe gulu lolangiza abambo omenya akazi, lomwe linkakumana Lachinayi lililonse. Makaniko analowadi. Anaphunzira kuti mtima ukayamba kuwira aziika manja m'thumba n'kutuluka panja. Patatha miyezi inayi, mkazi anabwerera.

Chimene makaniko sankadziwa n'chakuti mlangizi wa gululo ankakumana ndi akazi a abambowo paokha, amuna osauzidwa, kuti amve ngati kunyumba kulidi mtendere. Nzeru yake inali yabwino. Kungoti bamboyo analakwitsa malo: m'malo mwa ku ofesi, anamuitanira mayiyo m'tiyirumu ya pamsika, pomwe maso ndi ambirimbiri.

"Achimwene, alamu ndawaona akumwa tiyi ndi aphunzitsi anu aja," anatero wowotcherera wa pagalaja, uku akuseka. "Amakuphunzitsani kutuluka m'nyumba kuti iwo azilowa!"

Makaniko anataya sipanala n'kulunjika ku shopu.

"Umatani ndi munthu uja?"

"Bambo a mwana, takhalani pansi ndikufotokozereni."

"Miyezi yonseyi mwakhala mukundipusitsa awirinu!"

"Chonde, tulukani kaye panja, mtima utsike."

Kumva mawu a mlangizi m'kamwa mwa mkazi wake, mutu unamuzungulira. Sizasi inali patebulo pomwepo. Mayi wosalakwa uja anamwalira asanafike naye kuchipatala.

M'khoti mlangizi anagwetsa misozi powerenga zimene malemuwo anamuuza tsiku lomwelo: "Kumenya asiya, koma mafunso sanasiye. Ndimawaopabe." Woweruza anagamula kuti makaniko akakhale kundende moyo wake wonse.

Zimandiwawa ine. Gulu lija linamuphunzitsa kugwira manja ake, koma maganizo oti mkazi ndi katundu wake anatsala momwemo. Lero m'chitolokosi amauza aliyense kuti anamuwonongera banja ndi mlangizi, tsiku lina amati ndi wowotcherera. Kunena kuti "ndinapha mayi wa mwana wanga ndine," mpaka pano pakamwa pake sipanatulukebe.